*KACHILONDA KA PA CHALA CHA AMALUME: MBIRI YA DIZILO PA NYANJA YATHU*

 Lero nkhani ndi yaitali, pezani pokhala. Amene bandulo yatsala pang'ono musadandaule, mulibe vidiyo muno, ndi mawu okhaokha.

Sabata yatha ndili pa doko ndinaona mnyamata wina, zaka zake mwina 19, atagwada pa injini ya boti. Injini ikulira, iye akusisita paipi ya nozo ndi chala kuti amve pomwe dizilo akudontha. Ndinakuwa ngati ndaona ng'ona. Anthu anaseka, mwini wake nati, "Akulu, ndi dizilo chabe uyu, si moto." Sindinamukalipire, chifukwa nanenso ndikanaganiza chomwecho chikanapanda chala cha amalume anga. Ndiye ndati ndilembe, kuyambira kumene injini imeneyi inachokera mpaka kachotsedwe ka mapaipi ake.

*Zomwe zinawachitikira amalume*

Amalume, achimwene awo a mayi, anali munthu wa pa injini pa boti la tirola, aja amakoka khoka limodzi ali maboti awiri. Bambo anga anali a chilimira, injini yawo ya petulo yopachika kumbuyo, ndiye kwathu nkhani za dizilo zinali za amalume. Ngakhale asambe kawiri, fungo lawo linali lomwelo.

Tsiku lina, ine ndili Sitandade 5, ananyamuka mbandakucha. Atafika pa kuya injini inayamba kutsokomola, mphamvu yachepa, fungo la dizilo lili guu m'boti monse. Kunja kunali kusanayere bwino, tochi mabatire atatha. Anachita zomwe anaona akuluakulu awo akuchita: anayendetsa chala cha mkombaphala pa mapaipi, imodzi imodzi, injini ikulira. Pa paipi yachiwiri anamva ngati mavu awaluma. Kuyang'ana, kadontho ka magazi ngati pobaya singano. Anayamwa, nalavula, namanga kansanza. Anazimitsa injini, naika paipi ina yakale yomwe inali m'bokosi, ntchito nkupitirira.

Pofika madzulo chala chinali chitatupa, chitayererako. Usiku sanagone. Agogo anathira mankhwala a zitsamba, wina nati ndi nsanje ya pa doko poti sabata imeneyo anali atapha bwino. Kuchipatala anapita tsiku lachitatu, dzanja lonse lili ndii. Madokotala anang'amba kuyambira kunsonga ya chala mpaka pa chikhatho, natsuka mkati, koma mkombaphala anali atafa kale. Anadula. Chala chapakati chinauma, mpaka lero sichipinda. Ntchito ya masipanala inathera pomwepo, ana asanu ali pa sukulu.

Patapita nthawi iwo eni anandiuza pomwe panayambira vuto. Sabata imodzi ngozi isanachitike anachotsa nozo kuti aitsuke. Chifukwa cha changu anamasula paipi mbali imodzi yokha, naipindira pambali, atamaliza naiwongolanso ndi manja. Kachitsulo komwe kamagwira mapaipi kuti asanjenjemere kanagwera pansi pa matabwa, iwo nati tidzakaona mawa. Paipi yopindidwa ija inanjenjemera masiku 7, ning'ambika pa khosi, kamng'alu kosaoneka ndi maso.

Ndinakula ndi funso limodzi: mafuta angalowe bwanji m'thupi la munthu popanda singano? Yankho lake lili m'mbiri ya injiniyo.

*Nthawi ya nkhuni*

Makina oyamba pa nyanja ino sanali a dizilo. Pa 12 October 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja kuchokera mu mtsinje wa Shire, itabwera ndi amishoni a Livingstonia, E. D. Young ndi Robert Laws. Pa mathithi a Shire anaiphwasula, anthu pafupifupi 800 naisenza zidutswazidutswa pamutu, nakailumikizanso kumtunda. Inali ya nthunzi: umasonkha moto pansi pa thanki ya madzi, nthunzi nkumakankha makina.

Zinatsatira zina. Guendolen, ya boma la atsamunda, ndi ija inakaombera sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa Liuli mu August 1914 nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba. Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow mu 1899, niyamba kuyandama mu 1901. Dzinalo ndi la bishopu wa Anglican amene anamira m'nyanja muno mu 1895, manda ake ali ku Nkhotakota.

Sitima zonsezi zinkadya nkhuni, zambiri zedi. Zinkaima m'madoko kupakira milu ya mitengo yomwe anthu a m'midzi anadula. Nkhuni zinkatenga malo ambiri, ndipo sungangodzuka nkunyamuka, umayamba wadikira maola kuti madzi awire. Ngozi zake zinali zooneka: moto, nthunzi yotentha, thanki kuphulika. Munthu akapsa aliyense amaona kuti wapsa, palibe amene amati tidikire mawa.

*Mjeremani wa mpweya wotentha*

Pa nthawi yomwe agogo athu ankadulira sitima nkhuni, ku Germany kunali munthu wina, Rudolf Diesel, wobadwira ku Paris mu 1858. Chinkamuwawa nchakuti makina a nthunzi ankataya pafupifupi mphamvu yonse ya moto, yogwira ntchito nkukhala yochepa chabe.

Nzeru yake mutha kuimva pa pampu ya njinga. Mukapopa tayala mwamphamvu, gwirani kumunsi kwa pampu, mupeza kwatentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Diesel anati: bwanji tiupanikize kwambiri mu silinda, utenthe kupitirira madigiri 500, kenako tipopere mafuta, ayake okha popanda pulagi? Nchifukwa chake injini ya amalume inalibe mapulagi ngati ya bambo.

Analembetsa nzeruyi mu 1893, ndipo chaka chomwecho poyesa koyamba ku Augsburg chida china chinaphulika, iye napulumukira mkamwa mwa mbuzi. Injini yoyenda bwino inatheka mu 1897. Mu 1900 pa chionetsero cha ku Paris injini ya mtundu umenewu inalizidwa ndi mafuta a mtedza, eti, mtedza womwewu timalima kuno. Mu 1912 sitima yaikulu ya ku Denmark, Selandia, inayamba kuwoloka nyanja zamchere ndi dizilo. Mwini wake sanaone zambiri. Usiku wa 29 September 1913 anakwera sitima pa Antwerp kupita ku England, m'mawa bedi lake linali losagonapo. Anathera m'madzi.

Koma gwirani mfundo iyi, chifukwa nkhani yonse yagona apa. Mu silinda muli kale mpweya wopanikizika kwambiri. Kuti mafuta alowemo, ayenera kukankhidwa ndi mphamvu yoposa ya mpweyawo, komanso aphwanyike kukhala ngati nkhungu kuti ayake msanga. Popanda pulesha yaikulu, palibe injini ya dizilo.

*Pampu ndi mapaipi aja*

Injini zoyambazo zinkauzira mafuta mu silinda ndi mpweya wochokera mu kompulesa yaikulu. Chinali chinthu cholemera, choyenera m'fakitale ndi m'sitima basi. Chomwe chinasintha zinthu ndi kampani ya Robert Bosch ya ku Stuttgart, yomwe mu 1927 inayamba kupanga pampu zambirimbiri zokankha mafuta okha popanda kompulesa. Silinda iliyonse inapatsidwa kapisitoni kake mu pampu, paipi yake yachitsulo, ndi nozo yake. Kuyambira pamenepo dizilo analowa m'malole, m'mathirakitala, m'maboti ang'onoang'ono ndi m'zigayo.

Mapaipi opindikapindika mumaona pa injini yakale aja ndi ana a nzeru ya 1927 imeneyo. Tengani imodzi yotayidwa muidule: chitsulo nchochindikala, kabowo mkati nkakang'ono. Muonanso kuti onse ndi ofanana utali, ngakhale silinda ina ili pafupi ndi pampu. Nchifukwa chake ena amazungulira ngati njoka. Si zokongoletsa ayi, amafuna kuti mafuta afike pa nozo iliyonse pa nthawi yoyenera.

Tiyeni tiike manambala. Pulesha timayeza ndi bar. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi bar 2 kapena kupitirira pang'ono. Khungu la munthu litha kubooka ndi bar 7 zokha, madziwo akamatuluka pa kabowo kakang'ono. Nozo ya injini yakale, ngati ya amalume, imatseguka pakati pa bar 120 ndi 250, ndipo m'paipi pulesha imakwera kuposa apo.

*Dizilo afika pa Chipoka*

Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa, ndipo njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima kudzera pa Chipoka. Apa ndi pomwe dera lathu linalowa m'nkhani: katundu wolemera wochokera ku Beira atha tsopano kufika mpaka pa gombe osasenzedwa pamutu. M'zaka zomwezo pa nyanja panabwera Mpasa, yomwe kutsogolo kwa dzina lake kunali zilembo MV m'malo mwa SS. Zilembo zimenezi zimatanthauza kuti sitimayo ndi ya injini, si ya nthunzi.

Vipya nayo inali MV. Inagubuduzika ndi mphepo pa 30 July 1946 kumpoto, kufupi ndi Chitimba, anthu 145 nafa. Boma linafuna ina yolimba. Ilala yomwe tikuidziwa ife inapangidwa mu 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Glasgow, nibwera zidutswazidutswa pa sitima mpaka Beira, kenako pa njanji mpaka Chipoka. Anailumikiza ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951. Ndiye mukamaiona ikudutsa, dziwani kuti zitsulo zake zinatsikira kwathu kuno. Nayo Chauncy Maples, nkhalamba ya nkhuni ija, mu 1967 anaichotsa makina a nthunzi naiika injini ya dizilo ya Crossley.

Ku usodzi, banja la Agiriki la Yiannakis linayamba kupha chambo ndi maukonde akuluakulu cha ku Mangochi m'zaka za m'ma 1930, ntchito yomwe pambuyo pake inadzakhala m'manja mwa Maldeco. Usodzi wa tirola unayamba mu 1968, ndipo ndi umene unaika injini ya dizilo m'manja mwa anthu wamba ngati amalume. Ku Mpwepwe kunakhala sukulu ya za usodzi ndi malo okhomera maboti a matabwa. Kumtunda nako zigayo zinafalikira, poyamba za Lister za ku England, kenako za ku China za silinda imodzi, zija zokhala ndi thanki ya madzi pamwamba.

Injini zinachuluka kuposa ophunzira. Ambiri anaphunzirira pa doko, poyang'ana manja a wamkulu. Sukulu imeneyi sindikuinyoza, yadyetsa mabanja ambiri. Koma imapatsira zonse pamodzi, luso ndi zizolowezi zoipa zomwe. Wamkulu akamafufuza podontha ndi chala zaka 20 osavulala, wophunzira amatenga kuti ndiyo njira yake.

*Chala china, ku America, 1937*

Amalume sanali oyamba. Mu 1937, patangotha zaka 10 pampu ya Bosch itatuluka, dokotala wina wa ku America dzina lake Rees analemba za makaniko amene dizilo wa mu nozo anamuboola chala, minofu ya chalacho nifa. Imeneyi ndiyo imatengedwa ngati nkhani yoyamba kulembedwa ya kuvulala kwa mtundu uwu, ndipo zomwe madokotala akhala akuona kuyambira pamenepo nzofanana ndi zomwe tinaona kwathu.

Kunja kachilonda nkakang'ono, poyamba sikapweteka kwenikweni. Koma mafuta alowa ndi liwiro, atsata njira ya mtsempha wokoka chala mpaka pa chikhatho, nthawi zina kupitirira. M'chala mulibe malo. Mafuta aja ndi kutupa zimafinya timitsempha ta magazi, magazi nkusiya kufika. Dizilo payekha amawotcha minofu, komanso walowa ndi litsiro. Pomwe munthu akuti tione mawa, mkati mukufa. Pa anthu ovulala motere, ambiri ndithu amathera podulidwa chala, makamaka ochedwa.

Chodabwitsa nchakuti ngozi zomwezi zinapatsa anthu nzeru ina. Anati: ngati mafuta angalowe popanda singano, nanga mankhwala? Dokotala wina, Robert Hingson, anakhala patsogolo pa ntchito yopanga mfuti yobayira katemera popanda singano m'zaka za m'ma 1940. Kuyambira 1967 mfuti zotere, zopopa ndi phazi, zinatemera anthu mamiliyoni ambiri kumadzulo kwa Africa pa nkhondo yolimbana ndi nthomba, matenda omwe analengezedwa kuti atha pa dziko lonse mu 1980. Ndiye wina akakuuzani kuti dizilo sangaboole khungu, muuzeni kuti madokotala anatengera nzeru pomwepo. Paipi yong'ambika ndi jakisoni, koma wa dizilo.

*Pulesha yakwera, manja athu ali pomwepo*

Mu 1995 kampani ya Denso ya ku Japan inaika pa malole a Hino njira yatsopano yotchedwa common rail. Mu 1997 Bosch inaibweretsa m'magalimoto ang'onoang'ono, kuyambira ndi Alfa Romeo 156 ndi Mercedes-Benz. Lero ili pa mseu wa M5 tsiku lililonse: Hilux ya D-4D ndi magalimoto ambiri a dizilo atsopanoko, ena mwa iwo ndi omwe amanyamula nsomba zathu kupita ku Lilongwe.

Kusiyana kwake ndi uku. Pa injini yakale pulesha imabwera mwa kagunda, paipi imodzi pa nthawi yake, kenako imatsika. Pa common rail pali chipaipi chimodzi chonenepa chomwe chimasunga dizilo wopanikizika nthawi zonse, kompyuta nkumatsegula manozo ndi magetsi. Zoyamba zija zinali ndi bar 1,350. Za masiku ano zimafika 2,000 nkupitirira. Ndipo ukazimitsa, pulesha siithera pomwepo, imatsika pang'onopang'ono.

Ku nyanja zamchere anaona kale vuto. Malamulo a sitima zikuluzikulu otchedwa SOLAS amafuna kuti pa sitima zopangidwa kuyambira 1998 mapaipi amenewa akhale ovekedwa paipi ina kunja, kuti ikang'ambika dizilo asawazikire pa ekizozi yotentha nkuyatsa moto. Maboti athu alibe zimenezo. Chotchinga chathu ndi mutu basi.

Mwaona tsopano? M'zaka zosakwana 100 pulesha yakwera kuchoka pa mazana kufika pa zikwi za bar, koma chizolowezi cha chala chidakali chija cha nthawi ya Lister. Mnyamata amene waphunzirira pa chigayo lero, mawa akumuitana pa D-4D, amapita ndi manja omwewo.

*Kachotsedwe ka mapaipi*

Izi ndinazimva kwa amalume ndi kwa amakaniko ena odziwa ntchito yawo. Sungani.

1. Zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa mainasi pa batire, tsekani pompi ya dizilo. Fodya, koloboyi ndi mbaula zikhale kutali. Ngati nkotheka, ntchitoyi ichitikire pa doko, masana.

2. Dikirani injini izizire. Pa common rail kudikira kumeneku sikokambirana, ndi nthawi yomwe pulesha ikutsika.

3. Tsukani pozungulira manati musanamasule. Mkati mwa pampu ndi nozo zitsulo zimagwirana mothina kuposa tsitsi, kamchenga kamodzi ka pa gombe nkokwanira kupha nozo.

4. Jambulani ndi foni, ndipo ikani chizindikiro pa paipi iliyonse. Iliyonse ili ndi silinda yake. Mukasokoneza, injini siilira, kapena ilira moipa.

5. Masulani tizitsulo togwira mapaipi, muike m'chitini kuti tisasowe.

6. Tengani sipanala yokwana bwino, makamaka ija ya mapaipi yokhala ndi kampata, nthawi zambiri ndi 17. Pulayazi ndi sipanala yosinthasintha zimadya makona a nati. Ku pampu gwiritsani masipanala awiri: ina igwire chitsulo chapansi kuti chisazungulire, ina imasule nati.

7. Phimbani nati ndi nsalu yochindikala, nkhope kumbali, magalasi m'maso ngati alipo. Masulani pang'ono chabe, dikirani, kenako pitirizani.

8. Masulani mbali zonse ziwiri, paipi ichoke yathunthu. Osaipinda kuti mupeze mpata. Apa ndi pomwe amalume anagwera.

9. Tsekani mabowo onse, a pampu, a nozo ndi a paipi, ndi pulasitiki yoyera yomanga ndi mphira. Thonje ndi nsanza zothothoka ayi.

10. Paipi yong'ambika kapena yodyeka pa khosi njotaya. Osawotcherera, osaika ya kopa kapena ya mabuleki m'malo mwake. Pa common rail opanga ambiri amati paipi ikamasulidwa muike yatsopano.

11. Pobwezera, yambani manati onse awiri ndi dzanja mpaka akhale bwino, kenako sipanala. Osamanga ngati mukulimbana ndi mdani, mumaphwanya pokhalira. Tizitsulo tija tibwerere tonse.

12. Pofufuza podontha, tengani chidutswa cha katoni chachitali, muyendetse pafupi ndi paipi, dzanja lili kutali. Pakanyowa, zimitsani musanakhudze chilichonse.

Wina afunsa za kuchotsa mpweya, poti pa injini zakale timamasula nati ya pa nozo pang'ono tikupukusa. Inde, pa zakale zimachitika, koma nsalu pa nati, sipanala kuigwirira kumapeto, chala kutali. Pa common rail osayerekeza ngakhale kamodzi. Ndipo poyesa nozo kunja kwa injini kuti muone kapoperedwe kake, ilozeni m'chitini. Nkhungu ija si yoyesa ndi chikhatho.

*Ikakubayani*

Siyani ntchito nthawi yomweyo, ngakhale khoka lili m'madzi. Vulani mphete chala chisanatupe. Osafinya, osayamwa, osatema mphini, osamanga mphira, osaviika m'madzi otentha kapena mu ayezi wa nsomba. Phimbani ndi nsalu yoyera, dzanja m'mwamba, ulendo wa kuchipatala chomwe amapanga opareshoni. Osadya panjira, chifukwa mwina mugonekedwa tulo.

Mukafika musangoti "ndabayidwa pa chala", chifukwa kachilonda kameneka kamanamiza aliyense. Nenani momveka: "Dizilo wa pulesha wa mu paipi ya nozo walowa m'chala, nthawi yakuti." Madokotala amafuna kutsegula ndi kutsuka mkati mwa maola 6. Amalume anapita patatha masiku atatu.

Eni maboti, inunso mukumva. Mlovi akabayidwa, kubweza boti kumawawa, mafuta apita, nsomba palibe. Koma ulendo umodzi wa ndunduma sungagule chala.

Dzulo ndinapita kukawaona amalume, ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde ndi zala zotsalazo. Nditawauza za mnyamata wa pa doko uja anakhala chete, kenako anati, "Ukabwere naye kuno. Usakamuuze zambiri, angodzandipatsa moni wa pa dzanja." Loweruka tikupita naye.

Tumizani ku magulu a alovi, a zigayo ndi a m'magalaji. Amene muli ndi mng'ono wanu wophunzira umakaniko, muwerengereni nokha.

Ndine wanu, mwana wa msodzi.